Wokonda mafilimu weniweni ndi uti? Tiweruzeni mlandu uwu

Nasibeko wa ku Zomba:
Anthu a pagulu pano tandithandizani mlandu uwu. Mphwanga wabwera ku holide kuchokera ku koleji nde wayamba kudzitcha wokonda mafilimu, akuti ife tonse pakhomo pano timangoonera chabe koma kukonda ayi. Chifukwa chake akuti ife timaonera omasulira m'Chichewa a pa flash aja pomwe iye amaonera a ku Korea ndi ku Iran uku akuwerenga timawu ta pansi tija, komanso akuti amadziwa maina a ma director. Mpaka wawauza bambo maso ndi maso, bambo omwe anayamba kuonera kanema iye asanabadwe nkomwe. Nde ndimati ndifunse, wokonda mafilimu kwenikweni ndi munthu wotani? Kapena pali certificate yake yomwe ife sitinalandire?

Chiko BT:
Kkkkkk mwanayo angodikira fizi ya term ya mawa, tione ngati director wa ku Iran atamulipilire.

Amake Tadala:
Asisi musadandaule, ndi matenda a chaka choyamba amenewo, amatha okha. Wathu anabwera akukana nsima ya mgaiwa.

Madala a ku Ndirande:
Mwana wanga Nasibeko, mumuuze mnyamatayo abwere adzakhale pansi timuuze. Ifeyo tinakula dziko lino lilibe TV olo imodzi yakeyake, TVM yabwera mu 1999 muno ife tili kale ndi ana. Nthawi ya Kamuzu ukafuna kanema umadikira galimoto ya boma ifike pa ground ya sukulu, amangirire chinsalu, ationetse za ulimi ndi Ngwazi ikuyendera minda kenako mwina kanthu kena koseketsa kumapeto, ndipo timayenda mtunda usiku kukaona zimenezozo. Amene anali m'tauni ndi ka ndalama amapita ku cinema ya Apollo, koma nakonso filimu imafika itadutsa kaye ku Censorship Board, lamulo lake linali la 1968, nde umangoona mwamuna ndi mkazi akuyandikizana nkhope kenako phwii kwacha ali pa tebulo akumwa tiyi, holo yonse kukuwa. Kenako kunabwera ma video show, deki ndi ka TV kamodzi pa shelefu, mabenchi a slabs, chitseko cha chiguduli, panja bolodi lolembedwa ndi choko kuti lero kuli chakuti. Tepi ikatafunidwa mwini wake amaitulutsa nkuyamba kuikulunga ndi cholembera ife tili phee kudikira. Munthu amene amapirira zonsezi, kutentha, fungo la thukuta, nsikidzi za m'mabenchi, kuti angoona filimu, lero mwana wa dzulodzuloli akuti sakonda mafilimu?

Kabaza Boy:
Madala mwandikumbutsa kale. Ife tinkasuzumira pa kabowo ka mpanda wa bango mosinthana, wina akaona amafotokozera anzake kumbuyo. Mwini show akatulukira kunali liwiro la mtondo wadooka.

Madala a ku Ndirande:
Ndipo tisanamizane kuti sitimadziwa kanthu. Bruce Lee anamwalira mu 1973 ku Hong Kong ali ndi zaka 32 zokha, mafilimu ake enieni ndi ochepa kwambiri owerengeka ndi zala, koma atamwalira anthu a bizinesi anatulutsa anyamata ofanana naye nkuwapatsa maina oti Bruce Li, wina Bruce Le, kuti atipusitse. Eni ma show amalemba pa bolodi kuti BRUCE LEE ndi zilembo zikuluzikulu. Koma ife timangoona mmene munthu waimira, mmene akusunthira mapazi, mmene wakhudzira mphuno ndi chala, nkudziwa kuti uyu si iye, tibwezereni ndalama zathu. Palibe anatiphunzitsa, panalibe Google. Diso limenelo ndi lomwe ine ndimati kukonda filimu. Mnyamata wanuyo dzina la director amachita kuwerenga pa foni, ife timamuzindikira munthu ndi kayendedwe.

Kamera Man LL:
Madala apa mwalasa, koma ndiloleni ndimuikire kumbuyo pang'ono mnyamatayu poti palibe akumuyankhulira. Ine ntchito yanga ndi yojambula, maukwati, ma music video, nthawi zina timafilimu tifupitifupi, nde pali chinthu chimodzi chomwe chimandipweteka ndi omasulira aja. Womasulira akamayankhula amatsitsa sound yonse ya filimu, nyimbo, mphepo, mapazi, kupuma kwa munthu, zonse zimapita pansi kuti mawu ake amveke. Pomwe anthu anakhala miyezi mu studio kukonza sound imeneyo. Pali malo ena director amafuna pakhale zii, anthu awiri angoyang'anana osayankhula kuti iwe woonera mtima uyambe kugunda, koma m'bale wathu womasulira amaopa kuti anthu aganiza kuti flash yafa, nde amadzazapo nthabwala kapena kupereka moni kwa anzake a ku Mchesi ndi kulengeza nambala yake ya foni. Ukatero waonera nkhani ya filimuyo inde koma filimuyo sunaione yonse. Apo pokha mnyamatayo ali ndi mfundo. Pomwe walakwa ndi kunyoza bambo ake.

Chiko BT:
Aaa man Kamera, koma mukudziwa kuti mafilimu ena amakoma chifukwa cha womasulirayo? Ilipo ina ya nkhondo ndinaionera ya original kenako yomasulira, ya original ndinagona pakati. Womasulira anasandutsa New York kukhala Limbe, bwana wa zigawenga anamupatsa dzina la kwa Yao, ekita akuti akuthamangira ngongole ya banki mkhonde, tinaseka mpaka misozi. Limenelo ndi luso palokha musalipeputse, munthu mmodzi kuyankhula mawu a anthu 15, mkazi yemwe, mwana yemwe, galu yemwe.

Kamera Man LL:
Sindikukana kuti ndi luso aise. Ku Uganda omasulira awo, omwe amawatcha ma VJ, ndi ma celeb enieni, ku Kenya kuli DJ Afro yemwe anthu amasankha filimu chifukwa choti wamasulira ndi iyeyo osati chifukwa cha ekita. Koma tivomereze kuti pamenepo chomwe ukukonda ndi womasulirayo. Wapita kukamvera comedy yomwe kumbuyo kwake kukuyenda zithunzi. Sizoipa, koma ndi chinthu china.

Amake Tadala:
Inu a Kamera nanga agogo anga omwe sanapite ku sukulu aziwerenga bwanji timawu ta pansito? Olo ineyo wa Form 4 timathamanga kwambiri, ukamawerenga nkhope sukuiona, ukayang'ana nkhope mawu adutsa. Ndipo zomasulirazi sizinayambe ndi anyamata a pa msika. Filimu ya Yesu ija ya 1979 anaimasulira m'Chichewa kalekale, a mpingo amabwera nayo kumudzi ndi jenereta nkuimika chinsalu pa bwalo, anthu kuonera mbali zonse ziwiri za chinsalucho. Agogo anga analira pomwe amamukhomera pa mtanda mpaka kutukwana asilikali aja mokweza, ndipo mpaka lero akhoza kukufotokozerani scene iliyonse motsatana. Amene uja sakonda filimu? Akanakhala ndi mwayi womwe ana a lerowa ali nawo bwenzi ataonera zambiri kuposa tonse pano.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndikuona kuti tikusakaniza zinthu ziwiri, chomwe munthu amaonera ndi mmene amaonerera. Alipo anthu ali ndi Netflix, DStv ndi TV yaikulu ngati chitseko koma filimu ikamayenda iwo maso ali pa WhatsApp, akadzutsa mutu nkumafunsa kuti uyu wamupha ndani, mawa ukawafunsa mutu wa filimu sakumbuka. Ndiye alipo wina waonera filimu imodzi yomweyo pa ka foni kosweka screen koma akhoza kukuuza kuti ekita anavala malaya ena polowa m'nyumba ndipo potuluka anali ndi ena, ojambula analakwitsa. Wachiwiriyu kwa ine ndiye wokonda mafilimu. Nkhani ndi chidwi, kupereka maso ndi makutu onse kwa maola awiri osawagawa. Chiyankhulo cha filimu, dziko lomwe yachokera, zimenezo zimabwera pambuyo malinga ndi thumba la munthu ndi komwe anakulira. Mnyamata wa ku kolejiyo wapeza Wi-Fi yaulere ndi anzake omulozera njira, bambo akewo anapeza video show. Aliyense anadya chomwe chinali m'mbale mwake.

Nasibeko wa ku Zomba:
Aphunzitsi zikomo, izi ndimuwerengera ndithu akadzuka. Amagona masana poti usiku amakhala ali ku Korea.

Wa ku Joni:
Moni nonse kuchokera kuno ku Johannesburg. Ine ndifunse funso lowawa, pa tonse tikudzitcha okonda mafilimu pano ndani analipirapo ndalama kuonera filimu ya ku Malawi? Sindikunena yopatsa mnyamata wa pa burning centre kuti akuikire mu memory card ayi, ndikunena ndalama yoti inafika m'manja mwa amene anapanga filimuyo. Chifukwa kuno ndimaona anthu akuima pa mzere ku cinema kugula tikiti ya filimu ya kwawo, ife kwathu filimu ikangotuluka Lachisanu pofika Lolemba ili kale pa msika ma 10 mu flash imodzi. Kenako tizidandaula kuti mafilimu a ku Malawi ndi osaoneka bwino, sound yake ngati ajambulira mu bafa. Adzagula bwanji ma mic abwino anthu ake tikuwabera?

Kabaza Boy:
Akulu a ku Joni mwayamba kutokota poti muli ndi ma rand. Kuno munthu asankhe pakati pa bando ndi ndiwo. Nde cinema yake ili kuti kuno ku Area 25 yoti ndikaime pa mzere? Premiere amakapangira ku hotela, tikiti yake ndi ndalama yomwe ndimapeza masiku angapo ndikupalasa. Akafuna ndalama yanga abweretse filimuyo kuno ku holo ya sukulu pa mtengo wa anthu, muone ngati sitidzadza.

Wa ku Joni:
Apo ndakumva m'bale wanga, za holo ya sukuluzo ndi nzeru ndithu. Koma usaiwale kuti ya mu flash ija umalipiranso, kungoti imapita kwa munthu yemwe sanagwireko kamera olo tsiku limodzi.

Kamera Man LL:
A ku Joni mwakhudza pa chilonda. Tiyeni tikambe za Shemu Joyah mwachitsanzo. Munthu uja ntchito yake yeniyeni ndi yoyeza malo, surveyor, koma chifukwa chokonda mafilimu anapanga Seasons of a Life mu 2008 dziko lino lilibe sukulu ya mafilimu, lilibe thumba la boma lothandiza opanga mafilimu, lilibe chilichonse. Filimu imeneyo inakapambana pa mpikisano wa mafilimu ku Zanzibar, ndipo Tapiwa Gwaza anatenga mphoto ya AMAA, ya mafilimu a mu Africa, mu 2010 chifukwa cha mmene anasewerera mmenemo. Mu 2012 anatulutsa The Last Fishing Boat yojambulidwa ku nyanja ku Mangochi, nyimbo zake zinatenganso AMAA mu 2013. Kenako The Road to Sunrise ya 2017, yonena za amayi oyendayenda mu Blantyre, inapambana ku AMVCA, mpikisano wina wa mafilimu a mu Africa, mu 2018 ndipo ndi filimu yoyamba yomwe Malawi inatumiza kuti ikapikisane nawo ku ma Oscar. Joyce Mhango Chavula naye anali atatenga kale AMVCA mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Fatsani ya Gift Sukez Sukali nayonso inatumizidwa ku ma Oscar. Nde funsani pagulu pano ndi angati aonerapo olo ziwiri mwa zimenezi. Koma mukafunsa za series ya ku Turkey kapena ya ku Philippines aliyense akuuzani mpaka dzina la wantchito wa m'nyumba. Kwa ine wokonda mafilimu amene sadziwa za pakhomo pake pali chomwe chikusowa, kaya ndi wa ku video show kaya wa ku koleji wa ma subtitle uja, onse awiri mlandu ndi umodzi.

Chiko BT:
Nde tizionera kuti man? Funso lenileni ndi limenelo. Ine Seasons of a Life ndinaifunafuna, pa msika kulibe, anyamata oburna amangokuyang'ana ngati wafunsa mankhwala a ndege. Ya Van Damme ya 1988 uipeza pa kona iliyonse koma ya kwathu ya 2008 yasowa ngati inatuluka nthawi ya atsamunda.

Mphunzitsi Wopuma:
Chiko wanena chinthu chachikulu kuposa mmene akuganizira. Maiko ena ali ndi nyumba zosungira mafilimu, amatenga akale nkuwakonza kuti aonekenso bwino. Ife ma disc aja akakalika basi yapita. Taganizani za masewero a Du Chisiza Jr ndi gulu lake la zisudzo la Wakhumbata, munthu anamwalira mu 1999, ndi angati mwa ana a lero anaonapo olo ka clip? Izeki ndi Jakobo onse awiri anatisiya, a John Nyanga mu 2016 ndi a Eric Mabedi mu 2021, zomwe zatsala ndi tizidutswa tomwe anthu wamba anaika pa YouTube, tina tosaoneka bwino. Anthu wambawo, amene anasunga tepi mu sutikesi zaka zonsezi osaitaya posamuka nyumba, nkudzavutika kuisamutsira pa kompyuta, amenewo ine ndimawavulira chipewa. Palibe anawatuma, palibe anawalipira.

Mlongo wa ku Chipata:
Muli bwanji a Malawi, ine ndine wa kuno ku Zambia koma gulu lino ndimalikonda. Vuto ndi limodzimodzi kuno. Rungano Nyoni anapanga I Am Not a Witch mu 2017, muli Chinyanja chathu chomwe chino mkati, inakatenga mphoto ya BAFTA ku London mu 2018, azungu anaionera m'ma cinema awo, koma mukafunsa pa msika kuno ambiri sanaimvepo nkomwe. Ina yake ya 2024 inatenganso mphoto ku Cannes. Nde zimakhala ngati mafilimu athu abwino amapangidwira anthu akunja, ife eni ake timangomva pa news kuti mwana wathu wapambana. Ine ndinachita kutumiziridwa ndi msuweni wanga wa ku UK. Ndipo nditaonera ndi amayi anga iwo anaseka malo omwe ndikukhulupirira mzungu sangaseke, chifukwa amadziwa anthu otero, wa boma wokonda kudzionetsa uja amafanana ndi wina wake wa kwathu kuno.

Amake Tadala:
Achemwali a ku Chipata mwandikumbutsa ya William Kamkwamba ija, The Boy Who Harnessed the Wind. Inatuluka pa Netflix mu 2019, anajambulira konkuno ku Kasungu kwa Wimbe komwe nkhaniyo inachitikira, koma Chichewa chake abale inu! Chiwetel Ejiofor anayesetsa ndithu kuphunzira koma ife timachita kuwerenga Chizungu cha pansi kuti timve Chichewa chathu chomwe kkkkk. Mnyamata wosewera William ndi wa ku Kenya, wosewera mayi ake ndi Aïssa Maïga wa ku France. Amene amayankhula zomveka bwinobwino anali Lily Banda ndi anthu a m'mudzi aja.

Madala a ku Ndirande:
Mayi, Chichewacho chinali chopotoka inde, koma ine sindinaseke. Njala ya 2001 mpaka 2002 ndinaiona ndi maso angawa, anthu kudya gaga, kugona pa mzere kudikira chimanga, kugulitsa malata a nyumba. Scene ya anthu akukanganirana matumba pa depoti ija ndinaimitsa kaye filimu nkutuluka panja. Ana anga amadabwa kuti adadi chavuta nchiyani. Nde pamene ena amawerenga zolakwika za katchulidwe ine ndimaona abale anga omwe sanafike nawo pa zokolola za chaka chimenecho. Filimu imodzi yomweyo, m'nyumba imodzi yomweyo.

Amake Tadala:
Pepani madala, ine nthawi imeneyo ndinali wamng'ono, ndimangokumbuka phala la kusukulu.

Kamera Man LL:
Koma pa ya Kamkwambayi pali phunziro kwa ife ojambula. Taonani mmene anajambulira fumbi la ku Kasungu, kuwala kwa madzulo, Gule Wamkulu akubwera ku maliro. Malo omwewa timadutsamo tsiku ndi tsiku nkumati kuno kulibe kokongola kojambulira filimu. Anthu anabwera ndi kamera zabwino nkudikira dzuwa lifike pomwe akufuna. Ife timajambula 12 koloko masana dzuwa lili pa liwombo nkhope zonse mithunzi m'maso chifukwa ekita akuthamangira ku ntchito. Munthu ukayamba kuona zinthu ngati zimenezi sumaonanso filimu mmene unkaonera kale, ndipo nthawi zina zimasowetsa mtendere, mkazi wanga anandiletsa kuyankhula filimu ikamayenda chifukwa ndimangoti taona light iyo, taona boom yalowa m'mwambamo.

Chiko BT:
Mlamu wathuyo akunena zoona, anthu ngati inu ndi otopetsa kuonera nanu kkkk. Koma oipitsitsa ndi aja anaonera kale, amakhala pambali pako nkumati apa tsopano amupha, taona taona. Ku video show amatulutsidwa ndi makofi anthu otero.

Mtsikana wa Zee:
Ine mwandiiwala dala kapena? Nonse mukungokamba za karate ndi za mphoto, nanga ife a ma Indian? Filimu maola atatu, nyimbo zisanu ndi imodzi, munthu sumva Chihindi olo liwu limodzi koma nyimbo yonse uli nayo pamtima mpaka kuvina kwake. Amuna mumatiseka kuti timaonera za kulira ndi kuthamangitsana m'maluwa, koma kupirira maola atatu osadzuka ndi chikondi chimenecho, inu ya ola limodzi ndi theka mumathamangitsa kufuna pomenyana pokha. Komanso ma Nigeria. Amayi anga anaphunzira Chizungu cha ku Lagos chifukwa cha ma disc a part 1 part 2 part 3 aja, mpaka pano akakwiya amati Chineke. Anthu aja anayamba ndi Living in Bondage mu 1992, ya m'chiyankhulo cha Igbo, yojambulidwa pa video wamba nkumagulitsidwa pa matepi m'misika, sanadikire cinema kapena boma. Ndipo chomwe chinawakweza ndi anthu ngati amayi angawa, oonera osatopa, osati ma professor.

Wa ku Joni:
Asisi apo mwanena zoona koma muonjezere kuti ku Nigeria anthu amagula matepiwo, ndalama imabwerera kwa opanga nkupanganso ina sabata yotsatira. Ndi pomwe pagona nkhani yanga paja.

Kabaza Boy:
Akulu awa sangaisiye nkhani ya ndalamayi kkkkk. Chabwino tamva, tidzagula.

Mphunzitsi Wopuma:
Mtsikana wa Zee wakhudza za kuthamangitsa filimu, ndipo ichi ndiye chikundidetsa nkhawa kuposa omasulira. Adzukulu anga saoneranso filimu, amaonera tima video ta pa TikTok ndi Facebook tomwe munthu amafotokoza filimu yonse mu mphindi khumi, uyu anapita uku, anapeza ichi, mapeto ake anafa. Akatero akuti ndaionera. Ndinawaikira filimu yonse tsiku lina, mphindi 20 zisanathe wina akufunsa kuti agogo kodi singathamange pang'ono. Womasulira wa pa msika uja angakhale ndi zolakwa zake koma amakhala nawe kuyambira poyamba mpaka pothera, amakusiya uone nkhope ya munthu ikusintha. Izi zachidulezi zimangokupatsa mafupa a nkhani. Nde ngati mnyamata wa ku Zomba uja amatha kukhala maola awiri ndi theka akuwerenga ma subtitle a filimu yoyenda pang'onopang'ono ya ku Iran, ine ndimuyamikire, ndi ochepa a msinkhu wake angathe. Iye ndi bambo akewo ali mbali imodzi osadziwa, onse ndi anthu okhala pansi mpaka filimu ithe.

Madala a ku Ndirande:
Aphunzitsi mpaka maina a kumapeto aja. Ife a Jackie Chan tinaphunzira kusadzuka msanga chifukwa kumapeto amaonetsa pomwe analakwitsa ndi pomwe anavulala zenizeni, akumunyamula pa machira. Apo ndi pomwe tinadziwira kuti munthu uja amadumpha yekha. Lerolino zonse ndi kompyuta, munthu akugwa kuchokera pa nyumba ya nsanjika 50 tsitsi osasokonekera, ine mtima sugunda nkomwe.

Kamera Man LL:
Madala musanyoze zonse za lero, abwino alipo, kungoti amafuna kusakasaka. Ndipo mnyamata wa ma subtitle uja ngati alidi dolo ayambe wasaka za mu Africa muno. Amudziwa Ousmane Sembène wa ku Senegal yemwe anapanga Black Girl mu 1966? Akudziwa kuti ku Ouagadougou ku Burkina Faso kumachitika chikondwerero cha mafilimu cha FESPACO kuyambira 1969, anthu wamba kudzadza ma cinema kuonera mafilimu a mu Africa okhaokha? Chifukwa pali kachizolowezi kena koti munthu akadziwa Korea ndi France basi wafikapo, za oyandikana nawo ayi. Neria ya ku Zimbabwe ija, momwe muli Oliver Mtukudzi, amayi athu anaionera nkulira chifukwa nkhani yolanda katundu wa mayi wamasiye inali kuchitika pa mudzi uliwonse kuno. Imeneyo ayambe nayo, aonere limodzi ndi bambo akewo, aone ngati sapeza chokambirana.

Nasibeko wa ku Zomba:
Wadzuka tsopano ndamupatsa foni wawerenga zonse. Akuti madala a ku Ndirande ndi oopsa, za Bruce Li samazidziwa. Koma pa omasulira akuti sasintha maganizo, ali mbali ya a Kamera. Bambo nawo akuti iwo alibe naye mlandu bola asiye kutsitsa mafilimu ndi bando ya pa foni yawo.

Mtsikana wa Zee:
Kkkkkk nde director wa ku Iran amadyera bando ya madala!

Mphunzitsi Wopuma:
Chiko, za Seasons of a Life zija, ndikukumbuka kuti disc yake ya original ndinagula nthawi imeneyo, iyenera kuti ili m'katoni ya mabuku ku chipinda cha alendo. Ndikaipeza ndipo ikakhala kuti sinakalike, bwanji tidzaonere limodzi amene muli mu Blantyre? Koma osakopa ayi, a ku Joni angatimangitse.

Chiko BT:
Ine ndilipo. Vuto DVD player, yanga ana anaikamo ndalama zachitsulo inafa kalekale. Alipo ali nayo yamoyo?

Madala a ku Ndirande:
Ilipo kuno koma remote inasowa nde ikangoyamba palibe kuimitsa, wofuna ku bafa apitiretu. Ndipo mubwere Loweruka masana, madzulo kuno magetsi sitimawadalira.

Kabaza Boy:
Nanga ife a ku Lilongwe? A Kamera mesa muli ndi projector ya maukwati ija, tapangani zoti ikatha ku Blantyre disc ikwere basi ibwere kuno. Holo ndikafunsa kwa a headmaster a pafupi ndi kwathu, mipando ilipo koma ndi ya ana a Standard 2 nde aliyense wamkulu thupi abwere ndi wake.